Mwalembedwa ntchito pa kampani ya maodita: kayendetsedwe ka chaka chanu choyamba

Kalata yafika, makolo mwawauza, malaya oyera ndi nsapato mwagula. Lolemba mukukayamba ntchito pa kampani ya maodita, ofufuza mabuku a ndalama a makampani ena, ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo pakalatapo alemba kuti ndinu trainee. Liwu limenelo mulimvetse bwino. Sanakulembeni chifukwa choti ntchito mukuidziwa. Digiri yanu ya ku MUBAS kapena dipuloma ya ku Malawi College of Accountancy yangowatsimikizira kuti mutu wanu umagwira zinthu.

Chimene achinyamata ambiri amachizindikira mochedwa n'chakuti maphunziro a kuno sakutsatani ngati a kusukulu. Kulibe belu, kulibe mphunzitsi woima kutsogolo chaka chonse. Amene akuyenera kukuphunzitsaniwo ali ndi mafayilo anayi padesiki, kwinaku a partner, mmodzi wa eni kampaniyo, akuwafunsa kuti malipoti atuluka liti. Maphunziro alipo ndithu, ochuluka kuposa a ku koleji, koma ali m'kati mwa ntchito momwemo, ndipo muyenera kuwatola nokha. Ndalandirapo achinyamata atsopano kwa zaka zingapo, ndipo izi ndi zimene ndimawauza tikakhala pansi sabata yoyamba.

Choyamba: musanasaine, werengani

Chimwemwe chopeza ntchito chimachititsa munthu kusaina chilichonse chimene amupatsa. Pemphani kuti mutenge kontrakitiyo kunyumba usiku umodzi. Palibe bwana wanzeru amene angakhumudwe nazo.

Onani kaye nthawi imene akukuyesani. Lamulo la Employment Act la 2000 limati kwa munthu wa ntchito yaluso nthawi yoyesedwa isapitirire miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyo inu kapena iwo atha kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Funsani kuti kwa inu ndi miyezi ingati, ndipo akaona chiyani kuti akukhazikitseni.

Kenako pitani pa gawo la mayeso a ukauntanti amene muzilemba muli pa ntchito, pamene pagona ndalama. Kodi fizi yolembetsera, fizi ya chaka ndi chaka, ya mayeso ndi ya mabuku akulipira ndani? Nanga mukalephera pepala, ulendo wachiwiri akulipiraninso kapena mutulutsa m'thumba mwanu? Masiku opuma kuti muwerenge akupatsani angati pa pepala lililonse? Alipo makampani amene amaika malire a maulendo amene mungalephere pepala limodzi, ndiye ndi bwino kudziwiratu lero, osati tsiku limene zotsatira zatuluka.

Nkhani ya bondi ndiyo imapweteka ambiri. Kampani ikakulipirirani maphunziro imafuna mukhalepo zaka zakutizakuti, ndipo mukachoka nthawi isanakwane mumabweza. Palibe cholakwika pamenepo. Koma fizi ya ACCA, bungwe la akauntanti la ku Britain limene limalembetsa mayeso, imalipiridwa m'mapaundi, ndipo tonse tikukumbukira November 2023, kwacha atagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndiye funsani: ndikadzabweza, ndidzabweza makwacha amene munatulutsa tsiku lija, kapena mudzawerengera pa mtengo wa paundi wa tsiku lochoka? Yankho lake lilembedwe pa pepala.

Gwirizananinso za njira imene mutsate, ya ICAM kapena ya ACCA. Bungwe la ICAM (Institute of Chartered Accountants in Malawi) linakhazikitsidwa ndi lamulo la Public Accountants and Auditors Act la 2013, ndipo ndi limene limasonkhanitsa akauntanti m'dziko muno. Njira iliyonse imene mwasankha, funsani tsiku loyamba kuti zaka zanu za ntchito zizilembedwa bwanji ndipo azisaina ndani. Nkhani imeneyi tibwereranso kumapeto, chifukwa ndi imene imaiwalika.

Chachiwiri: mapepala a sabata yoyamba si mwambo chabe

Akupatsani laputopu, mapasiwedi, ndi mndandanda wa maphunziro a pa kompyuta oti mumalize. Ambiri amangodinadina kuti zithe. Inu khalani nawo pansi, makamaka awiri: la kusakondera ndi la kusunga chinsinsi.

Malamulo a khalidwe la akauntanti padziko lonse, amene amalembedwa ndi bungwe la IESBA, ali ndi mizati 5: kukhulupirika, kusakondera, kugwira ntchito mwaluso ndi mosamala, kusunga chinsinsi, ndi khalidwe losanyozetsa ntchito. Papepala zimaoneka zosavuta. Koma Malawi ndi dziko laling'ono. Akakupatsani mndandanda wa makasitomala n'kufunsa ngati muli ndi ubale ndi wina wa iwo, ganizani mofatsa. Malume anu ndi mkulu wa za chuma pa kampani ina ya pamndandandapo? Nenani. Munagula masheya pa Malawi Stock Exchange nthawi ija anzanu ankakulimbikitsani, ndipo kampaniyo ndi kasitomala wanu? Nenani. Palibe amene akudzudzuleni. Angokuchotsani pa gulu lopita kumeneko kapena akuuzani chochita ndi masheyawo. Chimene chimachotsetsa ntchito ndi kubisa, zinthu n'kudzadziwika pambuyo.

Za chinsinsi ndinena mosapsatira. Muona malipiro a mabwana akuluakulu, muona ngongole za anthu amene mumawaona pa TV. Zimenezo zisatuluke m'kamwa mwanu m'minibasi, pamaliro, ngakhale kwa wokondedwa wanu. Musajambule chikalata cha kasitomala n'kutumiza pa WhatsApp, ngakhale kwa mnzanu wa mu ofesi momwemo, pokhapokha ngati kampani yanu yalola njira imeneyo. Ndipo mukakumana ndi ndalama zoyenda modabwitsa, musamufunse mwini wake monga wapolisi, musamuchenjezenso. Pitani kwa a senior, amene amakuyang'anirani pa ntchito, kapena a manijala. Lamulo la Financial Crimes Act la 2017 limaika udindo pa akauntanti wodziwitsa Financial Intelligence Authority za ndalama zokayikitsa, ndipo pa kampani yanu alipo munthu amene anasankhidwa kuchita zimenezo.

Madzulo a masabata oyambawo muwapereke kwa Excel. Muzitha kusefa, kugwiritsa ntchito pivot table, ndi kufananitsa mindandanda iwiri ndi VLOOKUP popanda kuyang'ana pa YouTube kasitomala ali pambali panu.

Chachitatu: ulendo woyamba kwa kasitomala

A senior akupatsani gawo lanu. Kawirikawiri watsopano amayamba ndi ndalama za kubanki, katundu wokhalitsa monga magalimoto ndi makina, kapena ndalama zogulira zinthu za tsiku ndi tsiku. Musanatsegule fayilo iliyonse, funsani zinthu zitatu: tikufuna kutsimikiza chiyani pa gawo limeneli, mwandipatsa maola angati, ndipo fayilo ya chaka chatha ili kuti.

Funso loyambalo ndilo lalikulu. Munthu atha kutha masiku atatu akuchonga mainvoyisi 40 osadziwa kuti akufufuza chiyani. Ngati tikufuna kudziwa kuti zimene zalembedwa m'mabuku zinachitikadi, timayambira m'mabuku kupita ku chikalata. Ngati tikufuna kudziwa kuti palibe chimene chasiyidwa, timayambira pa chikalata kupita m'mabuku. Mukasokoneza njira ziwirizi, ntchito yonse yapita pachabe, ngakhale mwachonga mwaukhondo chotani.

Fayilo ya chaka chatha ndi mphunzitsi wabwino, koma si yokopera. Muwerenge kuti muone mmene anzanu anaganizira, kenako mufunse kuti chasintha n'chiyani chaka chino. Mwina kampaniyo yasintha pulogalamu ya maakaunti, mwina amene ankasunga ndalama anachoka.

Tsopano pali chinthu chimene sichilembedwa m'buku lililonse la mayeso. Inu muli ndi zaka 23. Amene mukukamufunsa mafunso ndi bambo a msinkhu wa bambo anu, amene akhala pa desiki imeneyo kuyambira inu musanabadwe. Tinaleredwa kuti wamkulu akalankhula timavomera, ndipo ndi khalidwe labwino, musalitaye. Gogodani, perekani moni, funsani ngati ali ndi mpata. Sonkhanitsani mafunso anu mupite nawo kamodzi, osati kuwasokoneza kasanu m'mawa umodzi. Koma akakuuzani kuti, "Aa, zimenezo ndi za magalimoto amene tinakonzetsa, musadandaule mwanawe," ulemu wanu usathere pa kuvomera. Yankhani kuti, "Zikomo bambo, ndamva. Mundithandizeko ndi invoyisi yake ndi chilolezo cha malipirowo, kuti ndiike m'fayilo." Simunawatche abodza. Mwangowauza zoona, kuti mawu apakamwa paokha sakwanira kukhala umboni. Akauntanti wodziwa ntchito yake sakwiya ndi pempho lotere. Ambiri amakhala atakonzeratu mapepalawo.

Ndimalimbikira pamenepa chifukwa dziko lino linaphunzira mowawa. Pa Cashgate mu 2013, ndalama za boma zinalipiridwa kwa makampani amene sanapereke katundu aliyense. Kuona kuti cheke chinatuluka sikutsimikiza kuti katundu analowa. Ndiye mukaona invoyisi, funsaninso chikalata chosonyeza kuti katunduyo analandiridwa, ndi amene anamulandira.

Chimodzimodzi ndi makalata otsimikiza ndalama za kubanki. Kasitomala amasaina chilolezo, koma kalatayo imatumizidwa ndi ife, ndipo yankho la banki limabwera kwa ife mwachindunji. Wina akadzipereka kuti, "Ndikukadutsa ku banki komweko, ndikutengerani," thokozani ndi kukana.

Chachinayi: tsiku lowerenga katundu

Makampani ambiri amatseka mabuku pa 31 December, ndiye pamene anzanu akukonzekera chaka chatsopano inu mudzakhala m'nyumba yosungira katundu ku Kanengo, ku Makata kapena ku Limbe. Nthawi zambiri amakutumizani nokha. Valani nsapato zotseka, tengani cholembera, kakyuleta ndi madzi akumwa.

Ulendo wanga woyamba unali wa matumba a feteleza. Mvula inkagwa pamalata moti tinkachita kukuwa kuti timvane. Matumba anawaunjika mulu waukulu wofika pafupi ndi denga, wooneka bwino mbali zonse. Ndinawerenga m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, n'kuchulukitsa, ndipo nambala yanga inafanana ndendende ndi ya pakhadi lolembapo kuchuluka kwa katunduyo. Ndinaimbira a senior kuti ndamaliza. Anangondifunsa funso limodzi: "Pamwamba munakwerapo?" Ndinapempha makwerero. Nditafika pamwamba ndinapeza pakati pa muluwo pali dzenje, mizere ingapo kulibe. Sanabe munthu ayi. Anyamata onyamula ankatsitsa matumba kuchokera pakatipo sabata imeneyo, ndipo khadi linali lisanalembedwe. Koma ndikanasaina pepala lija, ndikanavomereza katundu amene kunalibe.

Ndiye chitani motere. Kumbukirani kuti owerenga katundu ndi eni ake. Inu mwabwera kudzaona mmene akuwerengera ndi kuyesako zina. Sankhani nokha zinthu zoti muyese, musalole wosunga katundu akusankhireni. Zina muyambire papepala lawo n'kukaziona pansi, zina muyambire pansi n'kukazifufuza papepala. Kwerani, suzumirani kuseri, tsegulitsani makatoni angapo. Lembani padera katundu wonyowa, wong'ambika kapena wotha nthawi, chifukwa mtengo wake si wofanana ndi wabwino. Funsani ngati muli katundu wa eni ena amene angosungitsa. Ndipo musanachoke, lembani nambala ya chikalata chomaliza cholandirira katundu ndi chomaliza chotulutsira. Manambala awiri amenewo adzakuthandizani mu February, pofuna kuona ngati malonda a January sanawalowetse mu December.

Chachisanu: lembani ngati kuti mawa simudzakhalapo

Apa ndi pamene pali sukulu yeniyeni. Muyezo wa ISA 230, umodzi mwa miyezo ya maodita padziko lonse, umati fayilo ilembedwe moti odita wodziwa ntchito, amene sanakhudzepo ntchitoyi, athe kumvetsa zimene zinachitika, zimene zinapezeka, ndi mmene tinafikira pa chigamulo chathu. Choncho working paper yanu iliyonse, pepala limene mumalembapo ntchito imene mwagwira, iyankhe mafunso awa popanda inu kuima pambali n'kumafotokoza: cholinga chinali chiyani, zinthu zoyesazo munazitenga kuti ndipo munazisankha bwanji, munachita chiyani, munapeza chiyani, ndipo mukuti bwanji. Dzina lanu ndi deti zikhalepo. Nambala imene ili pansi igwirizane ndi ya m'mabuku a kasitomala. Ngati sizikugwirizana, fotokozani kusiyana kwake.

Mukapereka, ibwerera ndi ma review notes, mafunso a amene waunika ntchito yanu. Ulendo woyamba akhoza kukhala ambiri moti mtima umagwa. Ndaonapo mtsikana wina wanzeru kwambiri, amene ankakhoza bwino m'kalasi mwake, atakhala chete masana onse chifukwa cha mndandanda wotere. Ndinamuuza zimene ndikukuuzani inu: munthu amene wakhala pansi n'kulemba mafunso 20 pa ntchito yanu wakupatsani ola lake, ndipo ola limenelo ndiye maphunziro amene munalonjezedwa. Ngakhale a manijala ntchito yawo imabwerera ndi mafunso kuchokera kwa a partner.

Kayankhidwe kake n'kofunika. Musangolemba kuti "zatheka". Konzani m'fayilo momwemo, kenako lembani mwachidule chimene mwasintha ndi pamene chili. Ngati simukumvetsa funso, pitani mukafunse pamaso. Ngati mukuona kuti munalondola, nenani mwaulemu ndi umboni wanu. Zimachitika ndithu kuti wowunikayo ndi amene sanaone bwino. Ndipo gulani kabuku kakang'ono. Funso lililonse limene mwalandira mulilembemo m'mawu anuanu. Musanapereke ntchito yotsatira, tsegulani kabukuko n'kudziwunika nokha. Palibe amene amayembekezera kuti watsopano asalakwitse. Chimene chimatopetsa a senior ndi kulemba funso lomwelomwelo kwa munthu yemweyo kachitatu.

Chinthu chimodzi musadzachite, zivute zitani: kuchonga kuti mwaona chikalata chimene simunachione. Nthawi ikatha, nenani kuti yatha. Chikalata chikasowa, lembani kuti chasowa. Chongi chabodza chimodzi chikagwidwa, ntchito yanu yonse ya m'mbuyo imakayikiridwa, ndipo m'ntchito ino dzina likaipa limakutsatani kulikonse.

Chachisanu ndi chimodzi: kufunsa, ndi timesheet

Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Mukakakamira pa chinthu, yesani kaye nokha kwa kanthawi, onani fayilo ya chaka chatha, onani buku la kampani la kagwiridwe ka ntchito. Zikakanika, musathe tsiku lonse muli phee pa kompyuta. Pitani ndi funso lokonzeka: ndayesa izi ndi izi, ndaima apa, ndikuganiza kuti mwina ndi chakuti. A senior atha kukuthandizani m'mphindi zisanu Lachiwiri, koma Lachisanu madzulo, tikunyamula zikwama kuchoka kwa kasitomala, palibe chimene angachite.

Timesheet, pepala la maola amene mwagwira pa ntchito iliyonse, lembani tsiku lililonse musanaweruke, ndipo lembani zoona. Kampani imagulitsa nthawi. Maola amenewo ndi amene amagwiritsa ntchito poika mtengo wa ntchito ya chaka chamawa. Mukabisa maola kuti muoneke achangu, amene adzabwere pambuyo panu adzapatsidwa nthawi yosakwanira.

Chachisanu ndi chiwiri: mayeso, ndi zaka zanu zitatu

Kuyambira January mpaka cha mu April ntchito imachuluka, ndipo kuweruka usiku si chachilendo. Mayeso a ACCA amalembedwa kanayi pa chaka: March, June, September ndi December. Mapepala onse alipo 13, ngakhale a digiri ya maakaunti amakhululukidwa ena, ndipo kuti mukhoze pamafunika 50 peresenti. Langizo langa ndi lakuti chaka choyamba musadzipanikize ndi mapepala awiri mu March. Lembani limodzi, kapena dikirani June. Khalani pansi ndi a manijala kumayambiriro kwa chaka, muwaonetse ndondomeko yanu ya mayeso, kuti masiku anu owerengera alowe m'kalendala ntchito zisanagawidwe. Ngati n'kotheka, yambani ndi mapepala ogwirizana ndi zimene mukugwira. Pepala la Audit and Assurance limamveka msanga kwa munthu amene wakwerapo kale pa mulu wa matumba.

Ola limodzi m'mawa uliwonse musanapite ku ntchito limaposa kuwerenga usiku wonse sabata yomaliza. Magetsi sadalirika, ndiye laputopu ndi nyali zikhale zotchaja.

Kukhoza mayeso onse sikukupatsani umembala. ACCA imafunanso kuti mumalize gawo la Ethics and Professional Skills, mukhale ndi miyezi 36 ya ntchito yoyenera, ndipo mukwaniritse zolinga 9 za luso: 5 zimene aliyense ayenera kuchita ndi 4 zosankha malinga ndi ntchito yanu. Amene amatsimikiza zimenezi ndi akauntanti wovomerezeka amene amaidziwa ntchito yanu. Makampani ena ndi ovomerezedwa ndi ACCA mwapadera ndipo ali ndi njira yawoyawo yolembera; funsani ngati yanu ili m'gulu limenelo. A ICAM nawonso amafuna umboni wa ntchito imene mwagwira, ndiye tengani mafomu awo msanga.

Musadikire chaka chachitatu kuti muyambe kulemba. Pakutha pa ntchito iliyonse, pemphani a senior mphindi 10, muwafunse chimodzi chimene munachita bwino ndi chimodzi choti mukonze, ndipo tsiku lomwelo lembani zimene munagwira pa ntchitoyo, osatchula zinsinsi za kasitomala. Mukaona kuti miyezi yatha mukungopatsidwa gawo la banki lokhalokha, pemphani lina: ngongole, malipiro a antchito, misonkho ya ku MRA. Anthu pa makampani awa sakhalitsa. A manijala amene akukudziwani lero mwina chaka chamawa adzakhala ali ku banki ina, ku Johannesburg kapena ku London. Cholinga chilichonse chikakwanira, apatseni asaine sabata yomweyo, akadali pa desiki yoyandikana ndi yanu.